Silinali Tsempho, Unali Mtima

Anthu atangobwerako kumanda, Faness anapeza zovala zake atazimanga kale m'chitenje, ataziika panja pafupi ndi khola la mbuzi. Palibe anamukalipira. Apongozi ake aakazi anangomulozera mtolowo ndi mlomo, mwamuna wake n'kuyang'ana kumbali, kumtengo wa nimu. Umu ndi mmene ukwati wake unathera, tsiku lomwelo limene anaika mwana wake Brian.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwabwera kudzafuna mawu okudzutsani. Ndikuuzirenitu kuti nkhani iyi ndi yotopetsa, chifukwa moyo wa Faness unali wotopetsa. Ine nkhani zoti munthu anagona wosauka n'kudzuka ali ndi galimoto ndinasiya kuzikhulupirira. Iyi ndi ya mayi wa ku Makhanga, kwa Mlolo m'boma la Nsanje, amene anakwera pang'onopang'ono, akuterereka, akudzukanso.

Brian anali mwana wa sitandade 2, wokonda mpira wachikulunga. Anayamba ndi zilonda zapakhosi, zimene aliyense kuno amazitenga ngati chimfine wamba. Zinapola zokha. Patapita milungu ingapo anayamba kudandaula mawondo, kenako kubanika akangothamanga pang'ono. Pamapeto pake mapazi anatupa, nkhope inatupa, chifuwa osatha, ndipo kugona chagada kunkamukanika.

Mwana akatupa chotero kuchigwa kuno, anthu ambiri safunsa kuti akudwala chiyani. Amafunsa kuti walakwa ndani. Amati ndi tsempho: mmodzi mwa makolo wagona kunja kwa banja, n'kubwera kudzamugwira mwana kapena kuthira mchere m'ndiwo zake. Ndipo amati mankhwala a tsempho sagwira ntchito mpaka wolakwayo atavomera ndi pakamwa pake.

Mwamuna wa Faness ankagwira maganyu kuminda ya nzimbe ku Nchalo, kunyumba n'kumabwera mwa apo ndi apo. Mukanaganiza kuti mafunso ayambira kwa iye. Koma mlandu wotere umadziwa njira yake, suphonya khomo la mkazi.

Anamukhazika pamphasa kangapo konse, akuluakulu a kuchimuna atamuzungulira. Iye ankakana, poti panalibe chimene anachita. Akapempha kuti apite ndi mwana kuchipatala chachikulu, ankamuyankha kuti jakisoni amapha mwana wa tsempho.

"Ukufuna kuthawa mlandu iwe," anatero apongozi ake. "Vomera, mwana achire. Kapena ukufuna afe?"

Tsiku lina Faness anamuyang'ana Brian ali chikhalire pakhonde, akupuma ndi mapewa, ndipo anadzifunsa kuti dzina n'chiyani poyerekeza ndi mwana. Anavomera. Ananena kuti inde, anagona ndi bambo wina wogula nsomba wa ku Bangula. Munthuyo kunalibe. Anachita kumupeka pompo m'mutu mwake kuti mankhwala aperekedwe.

Brian anamwa mankhwalawo, koma kutupa sikunaphwe. Pamene anamulola Faness kuoloka naye pa bwato padoko la Mtayamoyo n'kukwera minibasi mpaka ku Blantyre, mwanayo anali atatheratu. Dokotala wa kumeneko anamuika chipangizo pachifuwa, nayang'ana pa kanema nthawi yaitali. Anamuuza Faness kuti ndi mtima, kuti zilonda zija zapakhosi ndizo zinaononga tizitseko ta mu mtima, ndi kuti akadabwera miyezi ingapo m'mbuyomo pakadakhala chochita.

Faness anabwera ndi mawu amenewo limodzi ndi maliro. Anayesa kuwafotokozera akuchimuna, koma yankho linali lalifupi: "Unavomera wekha. Tinakumva tonse." Madzi akatayika saoleka. Mwana anapita, banja linapita, ndipo dzina analipereka yekha ndi manja awiri.

Anabwerera kwa mayi ake. Chaka chimenecho madzi a Ruo anali atakokolola chimanga chonse, ndiye ankalowa m'dambo ndi amayi anzake kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tija timadyedwa pa njala, maso ali tcheru kuopa ng'ona. Ndati amayi anzake, koma ubwenzi wake unali wa patalipatali. Akafika pamjigo nkhani zinkazima. Ena ankakokera ana awo kuseri kwa chitenje iye akamadutsa.

Kenako anayamba kugula milamba yowamba kwa asodzi n'kumakagulitsa ku Bangula. Apa ndiye anthu anapezerapo chonena: "Akupita kwa mwamuna wake wa nsomba uja." Munthu wosakhalapo uja anafika pokhala ndi dzina ndi njinga yomwe, ena mpaka ankalumbira kuti anamuonapo atavala chipewa.

Panali masiku amene Faness sankadzuka, sindikubisirani. Ankagona kuyang'ana kudenga mpaka dzuwa kufika pamutu, kutentha kwa kuchigwa kukumuphika, iye osasuntha. Chimene chinkamudzutsa si chiyembekezo ayi. Unali mkwiyo, ndi mawu aja a dokotala oti pakadakhala chochita.

Sukulu anaisiyira fomu 3 pamene ankakwatiwa. Analembetsanso ku sukulu yolowa masana ija ya anthu obwereza, n'kukhala desiki imodzi ndi ana amene anawaona akukwawa. Ankanunkha nsomba, ndipo ana a sukulu sadziwa kubisa mphuno. Mayeso a fomu 4 analephera. Analembanso, analepheranso masamu ndi bayoloje, phunziro lomwe ankalifuna kwambiri.

Mayi ake anamuuza mwachikondi kuti, "Mwanawe, sukulu inakukana kale. Gulitsa nsomba zako mwaulemu." Iye analembanso. Ulendo umenewu anakhoza, osati bwino kwambiri, koma anakhoza.

Nthawi yonseyi ankadzipereka pachipatala chaching'ono cha m'deralo, kusesa, kukweza ana pasikelo, kutonthoza olira. Mwayi wa alangizi a zaumoyo utatuluka, anamutenga. Anavala yunifomu ya buluu, anapatsidwa njinga, n'kumazungulira midzi ndi katemera ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Anthu anayamba kumutchula kuti adokotala pamaso. Kumbali ankamutchulabe kuti mkazi uja anasempha mwana wake.

Chaka china kunabwera bungwe lina limodzi ndi madokotala a mtima wa ana a ku Blantyre. Madokotala oterewa ndi ochepa, sangafike mudzi uliwonse, ndiye nzeru yawo inali yakuti maso awo akafike kumene miyendo yawo singafike. Anabweretsa kachipangizo kokula ngati tochi, kolumikiza ku foni. Ukakapaka mafuta oterera n'kukaika pachifuwa cha mwana, mtima umaoneka pafoni ukugunda. Wojambulayo amatumiza kanemayo ku Blantyre, dokotala n'kuona, n'kuyankha chochita. Zikavuta amaimba, n'kumaonana pafoni pomwepo.

Atafunsa amene angaphunzire, anzake a Faness anayang'ana pansi, poti inali ntchito yoonjezera pamwamba pa ntchito. Iye anaimika dzanja funso lisanathe. Anakazindikira kachipangizoko. Kanali kamng'ono kake ka chipangizo chija anamuika Brian pachifuwa.

Musaganize kuti apa zinthu zinayamba kuyenda. Manja a Faness anazolowera khasu ndi dengu, pamene kachipangizoka kamafuna dzanja lopepuka, lopendekeka pang'ono chabe pakati pa nthiti. Iye ankakanikiza ngati akukanda ufa wa mandasi. Ana ankalira, pafoni n'kumaoneka chifunga chokhachokha. Amene ankalandira zithunzizo ku Blantyre anali Dokotala Chisangalalo, mayi wodekha koma wotanganidwa, ndipo yankho lawo linali lomwelomwelo: "Sizikuoneka, mayi. Jambulaninso."

Ndiye panalinso vuto la netiweki. Ku Makhanga foni ili ndi mwendo wina ku Malawi, wina ku Mozambique. Ukangotembenuka pang'ono yaoloka Ruo, yakulandira m'Chipwitikizi. Malo okhawo odalirika anali pamwamba pa chitunda cha njanji yakale, pomwe sitima inasiya kudutsa kalekale. Faness ankajambula m'mudzi, kupalasa njinga mpaka panjanjipo, kuimika foni m'mwamba, kudikira kanema apite, n'kulandira yankho loti jambulaninso.

Tsiku lina anakalongedza kachipangizoko m'bokosi mwake kuti akakabweze. Anaimba ku Blantyre kuti atsanzike.

"Adokotala, mundikhululukire. Ine mutu wanga ndi wouma, ndi fomu 4 yomwe ndinachita kubwereza. Mupatseni wina."

"Wina wake uti?" anafunsa Dokotala Chisangalalo. "Mukabweza inu, mayi Faness, kabwera kuno kudzagona mu kabati. Nanenso ndatopa, koma tiyeni. Mawa muimbe muli ndi mwana, ndizikuuzani popendeketsa dzanja."

Anachitadi choncho. Ankabwera ndi ana a achibale panjanjipo, dokotala ali pafoni: "Tsitsani pang'ono. Lozetsani kuphewa. Imani pomwepo." Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita miyezi, kunabwera yankho losiyana ndi onse: "Ichi ndiye chithunzi. Mtima wa mwanayu uli bwino." Faness anangokhala pachitsulo cha njanji, osamva ndi kutentha kwake komwe.

Mvula ili pafupi kuyamba, anamva za Immaculate. Anali mtsikana wa sitandade 4, mwana wa a Lorenso, bambo amene makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo ntchito ya a Lorensowo inali yokonza mijigo m'midzi yonse ya kumeneko. Aphunzitsi ndiwo anamuuza Faness kuti mwanayo wasiya kubwera kusukulu, akuti watupa.

Anamupeza atatsamira khoma, mapazi atatupa mpaka m'mawondo, mpweya ukumuperewera. Mayi ake, a Flossy, anakhala patali, maso ali pansi, ngati mlendo pakhomo pawo pomwe. Amene ankalamula pakhomopo anali a Josephine, mlongo wawo wa a Lorenso, azakhali ake a mwanayo. Faness sanafunikire kufunsa chimene chinkachitika.

Apa analakwitsa, ndipo chinamulakwitsa ndi kupsa mtima kwa zaka zambiri. Asanamalize ndi moni yemwe, anati, "Tsempho kulibe! Mukumupha mwanayu ndi umbuli wanu. Ndi mtima uwu."

A Josephine anaimirira pang'onopang'ono, namanganso chitenje. "Nkhabe! Pano ayi. Iwe ndi amene ungatiphunzitse za tsempho? Si iwe unamusempha mwana wako, n'kuvomera wekha pagulu? Lero wavala buluu wasanduka dokotala? Tenga tochi yakoyo uzipita."

Faness anakwera njinga n'kumapita. Yunifomu, satifiketi, zaka zonse zija za nsomba ndi mayeso, zonse zinasungunuka ndi mawu a mayi mmodzi. Zinamuwawa koopsa, makamaka podziwa kuti mwayi wa mwanayo anauononga yekha ndi pakamwa pake. Anafika kunyumba n'kugona osavula nsapato.

M'mawa mwake a Flossy anamupeza kuseri kwa chipatala, chidebe chili m'manja, atanamizira kuti akukatunga madzi. Analankhula monong'ona.

"Akuti Loweruka akhalanso pansi, abwera ndi munthu wa mankhwala. Ine ndatopa, mayi. Palibe chimene ndinachita, Mulungu akundiona, koma ndingovomera kuti mwana amwe mankhwala."

"Ine ndinavomera," anatero Faness. "Ndinapeka ndi munthu yemwe. Brian anamwalirabe, ndipo mpaka lero bodza langa limandidikira pakhomo lililonse. Musavomere, mayi. Ndipatseni masiku atsalawa."

Nkhani inali poyera tsopano. Loweruka likafika a Flossy n'kuvomera, mwana akhala pakhomo kumwa mizu pamene mtima ukutha. Ndipo mitambo inali itayamba kuda kumapiri a Thyolo ndi Mulanje. Mtsinje wa Ruo ukasefukira, Makhanga imasanduka chilumba, kutuluka ndi wodwala n'kukhala nkhani ina.

Faness sanabwererenso kukakangana ndi a Josephine. Anali ataphunzira kuti munthu sumuchotsa chikhulupiriro pomutukwana. Anakawafuna a Lorenso kuntchito kwawo, nawapeza pamjigo wa pasukulu atazula mapaipi, manja ali girisi yekhayekha, amayi atandanda ndi zidebe kudikira madzi.

Anapereka moni mwaulemu, napepesa za mawu ake aja. Za tsempho sanatchule. Anangofunsa kuti mjigowo wavuta chiyani.

"Labala ya pansi yatha," anatero a Lorenso, osadzutsa mutu. "Imayenera kutseka madzi akakwera. Ikatha, madzi amabwerera pansi. Munthu umapopa mpaka thukuta, otuluka ndi ochepa."

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti ndi labala, poti ili pansi pa nthaka?"

"Timazula, n'kuona ndi maso. Zongoganizira zimaonongetsa mjigo."

"Baba, ine ndili ndi chinthu choonera m'chifuwa popanda kung'amba. Sindikupempha kuti mundikhulupirire, mbiri yanga mukuidziwa. Ndikupempha mudzaone nokha ndi maso anu. Mukaona kuti mulibe kanthu, sindidzapondanso pakhomo panu."

A Lorenso anapukuta manja nthawi yaitali. Nawonso anali munthu wotopa, wogawanika pakati pa mlongo wawo ndi mkazi wawo, ndipo mwanayo ankamukonda. Anati abwera mawa lake dzuwa lisanakwere.

Anabweradi, atamukweza Immaculate pakaliyala ya njinga, iwo akukankha wapansi. A Josephine anatsatira kuti adzaone bodzalo ndi maso awo, a Flossy ali kumbuyo kwenikweni. Anayala chitenje pamthunzi wa mtengo wa masawu, m'mbali mwa njanji.

Foni inakana. Inaoloka Ruo, inabwerako, inaolokanso. Dzuwa linakwera, ntchentche zinabwera, a Josephine anayamba kuseka chapansipansi. Faness anaima pamwamba penipeni pa chitunda, dzanja lili m'mwamba mpaka phewa kuwawa. Kenako nkhope ya Dokotala Chisangalalo inatulukira, ali m'khonde la chipatala, anthu akudutsa kumbuyo kwawo.

Faness anayamba ndi a Lorenso eni ake. Anawapempha avule malaya, nawapaka mafuta aja, n'kuwapatsa foni kuti agwire okha. Bamboyo anaona mtima wawo kwa nthawi yoyamba, tizitseko tikutseguka n'kutsekeka mwadongosolo. Dokotala anawauza kuti ayang'ane mtundu wofiira ndi wabuluu: amenewo ndi magazi, ndipo akuyenda njira yake osabwerera.

"Mphyadidi, zili bwino," anatero a Lorenso, akumwetulira mosafuna.

Kenako anamugoneka Immaculate cham'mbali. Dzanja la Faness linapeza malo ake pakati pa nthiti, ndipo chithunzi chinabwera choyera. Mtimawo unali waukulu, wothamanga, ndipo ukangogunda mitundu ija inkasakanikirana n'kuthamangira m'mbuyo.

Dokotala asanatsegule pakamwa, a Lorenso anayandikitsa foni kumaso. Anayang'ana, nayang'ananso.

"Kachitseko aka sikakutseka," anatero ndi mawu otsika. "Akubwerera. Magazi akubwerera m'mbuyo." Kenako anafunsa dokotala: "Ndiye mwanangayu wakhala akupopa chonchi usana ndi usiku?"

"Eya, bambo," anayankha dokotala. "N'chifukwa chake watopa, n'chifukwa chake madzi adzaza m'mapazi ndi m'chifuwa. Kodi anadwalapo zilonda zapakhosi?"

A Flossy anayankha ali kumbuyo, koyamba kulankhula tsiku limenelo. "Kawirikawiri. Nyengo yozizira yapitayi anachita kulephera kumeza."

"Ndi zimenezo. Tizilombo ta pakhosi tikapanda kuphedwa ndi mankhwala, thupi polimbana nato limaononganso tizitseko ta mtima."

A Lorenso anayang'ananso pafoni. Funso lotsatira linawalemera kuposa mapaipi a mjigo. "Adokotala, zimenezi sizibwera chifukwa cha zochita za mayi wake? Kapena za ine?"

"Ayi, bambo. Amadwala ndi ana a abusa omwe. Palibe analakwa pakhomo panu. Koma musachedwe. Lero lomwe akayambe mankhwala ochotsa madzi m'thupi pachipatala chanu, mawa mubwere naye kuno ndidzamuone. Ndipo m'zakudya zake muchepetse mchere."

"Mwamvatu!" a Josephine analumpha. "Mchere! Si zomwe timanena ife?"

Faness anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Dzana akadayankha, ndipo akadataya zonse. Anawasiyira azakhaliwo mchere wawo kuti akhale ndi pobisa nkhope, poti chimene iye ankafuna chinali mwana pa bwato.

A Lorenso anavala malaya, natembenukira kwa mlongo wawo. "Achemwali, za Loweruka zija zatha. Muwauze asabwere." Kenako anayang'ana a Flossy. Anangowapatsa foni ija kuti nawonso aone kanema wa mtima wa mwana wawo. A Flossy anailandira ndi manja awiri, misozi ikugwera pagalasi.

Anaoloka mawa lake, mvula yoyamba ikuwaza. Padoko a Flossy anamugwira Faness dzanja, nanena liwu limodzi lokha lothokoza, "Takhuta," n'kulowa m'bwato. Patangopita masiku ochepa mtsinje unasefukira, njira zonse n'kuduka.

Sindikunamizani kuti Immaculate anachiriratu. Kachitseko koonongeka sikamera kena. Anakhala m'chipatala mpaka kutupa kunaphwa, nabwerako ndi mapiritsi ndi lamulo la jakisoni mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, jakisoni wowawa amene ndi akuluakulu omwe amamukukutira mano. Tsiku lina adzafunika opaleshoni, ndipo opaleshoniyo ili kutali, pamzere wautali. Faness amamujambula nthawi ndi nthawi, Dokotala Chisangalalo n'kumayang'anira ali ku Blantyre. Nyengo ya madzi a Lorenso amamupalasa okha pa bwato kuti jakisoni asadumphe mwezi.

A Flossy sanavomere kanthu, ndipo ali pabanja pawo. Nkhani ya panjanji inayenda ndi amayi a pamjigo, moti tsopano ena amabwera okha ndi ana a zilonda zapakhosi. Ena sabwera. Alipo ana amene Faness anawamva mochedwa, ndipo maliro awo anapitako. Akuchimuna kwake kwakale sanabwere kudzapepesa, iye anasiya kudikira. Madzulo amafika kunyumba msana ukuwawa, fumbi mpaka m'makutu, ndipo pali masiku amene amalumbira kuti mawa sapita. Kukacha amapopa matayala a njinga.

Tsiku lina posachedwapa ankadutsa pasukulu nthawi yopuma. Atsikana ankasewera fulaye pabwalo, fumbi lili koboo. Pakati pawo panali Immaculate, atakwinya diresi, akulewa mpira. Faness anaima, mtima uli m'mwamba.

"Iwe Ima! Adokotala anati pang'onopang'ono!"

"Ndamva, anti!" anakuwa mtsikanayo, n'kudumphanso akuseka, timiyendo tili toonda ngati ta mwana wina aliyense.

Faness anaimika njinga, nakhala pamthunzi, n'kumuonerera mpaka belu linalira. Midzi ina inali kumudikira, koma tsiku limenelo anachedwa dala.

Inu amene mwatopa, amene munalephera mayeso, amene anthu amakudziwani ndi chinthu chimene simunachite n'komwe, sindikulonjezani kuti adzabwera kudzapepesa. Mwina sadzabwera. Sindikuuzaninso kuti musatope, poti thupi si chitsulo. Topani, khalani pansi, lirani ngati misozi ikadalipo. Koma mukapuma dzukani, chifukwa ntchito imene mukufuna kuisiya lero mwina ndi imene mwana wa wina akuidikira kuti aone chaka chamawa.

Osataya mtima, abale anga. Ngakhale miyendo ikulemera, yendanibe.